Waya Wachikhumi

Chaka chimenecho moto unayamba msanga m'mapiri a kufupi ndi Malomo. Pofika mwezi wa Julayi, osaka mbewa anali atayatsa paliponse, moti ukaima pamsewu n'kuyang'ana kumtunda unkangoona lupsa lokhalokha. Malo okha amene anapulumuka anali kathengo ka m'khwawa, pamene pali kasupe wa mudzi. M'katimo munali mikuyu ndi mitengo ya katope, ndipo m'mbali monse munali udzu wofika m'khosi. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo inali italetsa kutentha kapena kudula mtengo pamalopo.

Agwape a m'phiri, posowa kolowera, anatsikira m'kathengoko. Tsono kumunsi kwake kunali dimba la nyemba la Vinsenti ndi mkazi wake Modesta. Gwape ukamuona ndi kanyama kamanyazi, koma pa nsonga za nyemba alibe mwambo ngakhale pang'ono. M'mawa uliwonse Vinsenti ankapeza mizere itametedwa, timapazi tosongoka tili mbwee m'chinyezi.

Vinsenti anali mkamwini. Kwawo kunali ku Bowe, ndipo anali atakhala kuchikamwini zaka zisanu ndi chimodzi. Masana ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Malomo. Anali munthu wofatsa, wa mtundu uja woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iye. Dimbalo anasiya ndi malemu amayi ake a Modesta, ndipo mchimwene wake wa Modesta, Bryson, yemwe anali mwini mbumba, sankalola kuti mlamu wakeyo aiwale zimenezi.

Lolemba lina Bryson anampeza ataima m'dimba, manja ali m'chiuno.

"Alamu, kodi kwanu ku Bowe nyemba mumalimira agwape?" anafunsa Bryson.

"Ndimaganiza zomanga mpanda, alamu."

"Mpanda? Mukamamaliza kudula nsungwi mupeza zatsala ndi ndodo zokha. Inu muli ndi mulu wa mawaya a mabuleki kumsika kuja. Tcherani m'tinjira tawo. Nyemba zipulumuke, ndiwo tipeze."

"Nanga mlongo wanu, mayi a Thoko, si ali m'komiti? Akamva kuti ine..."

"Wakuuzani ndani kuti mukawauze?" Bryson anamudula pakamwa. "Dimba ili ndi la amayi anga. Ngati lakukanikani nenani, ndipatse wina. Msewu wa ku Bowe sunatsekedwe."

Mawu omalizawo ndi amene anamupweteka. Kwawo minda anagawana kale abale ake, ndipo kuno anali ndi mwana mmodzi, Thoko, pamene Modesta anali woyembekezera wina, mimba ya miyezi isanu ndi umodzi. Akanapita kuti? Madzulo a tsiku lomwelo anatenga mawaya khumi a mabuleki otha ntchito, nawapinda kukhala misampha, n'kukaimangirira kumitengo m'tinjira ta agwape. Kuti asaiwale malo, paliponse pamene anatchera ankagwira udzu wa pambali n'kuumanga mfundo. Anabwerera kunyumba akudziona wochenjera.

Lachinayi m'mamawa anapeza waya mmodzi atagwira. Anali gwape wamkazi. Pamalopo panali patakumbikakumbika, udzu utagona, kusonyeza kuti kanyamako kanalimbana nthawi yaitali kasanafe. Waya anali atalowa m'khosi. Atakatembenuza, anaona mkaka ukudontha kumawere. Vinsenti anamva chisoni ndi manyazi nthawi imodzi.

Bryson anailandira nyamayo ndi manja awiri, mano ali panja. "Mwaona? Tsopano ndiye mwakhala mwamuna wa pamudzi pano."

Vinsenti anakana ngakhale kachiwindi. Anatsimikiza mumtima kuti akaweruka akachotsa misampha yonse yotsala, n'kupalasa njinga yake kupita ku Malomo.

Chimene sankadziwa n'chakuti tsiku lomwelo amayi a Chigwirizano anakumana kutchalitchi, n'kugwirizana zofolera khitchini ya abusa mvula isanabwere. Udzu wabwino unatsala malo amodzi okha, kukathengo kaja, ndipo komiti inawalola kumweta wa m'mbali. Kumudzi kumeneko, munthu akafuna kusonyeza kuti udzu uli ndi mwini, amaumanga mfundo. Choncho atangoweruka, amayi anayi anatsikira kukhwawa n'kuyamba kumanga, akuimba nyimbo. Anamanga m'mphepete monse, kwina n'kulowa pang'ono m'kati. Mulungu yekha ndiye anawayendetsa.

Vinsenti atafika dzuwa litapendeka, anangoti kakasi. Kulikonse kumene ankayang'ana kunali mfundo. Zake zinali ziti? Anayamba kukwawa m'tinjira, akufufuza ndi manja, akukumbukira mtengo uwu ndi mwala uwo. Pamene mdima unkayamba anali ndi mawaya asanu ndi anayi, kuphatikizapo uja anapha gwape. Anawerenga katatu. Wachikhumi panalibe.

Kunyumba anapeza Modesta akusenda mbatata, nkhope ili mwee.

"Bambo a Thoko, mundinolereko chikwakwa. Loweruka tikukamweta udzu kukhwawa, amayi tonse a mpingo. Tamanga kale mfundo."

"Inu ndi mimba imeneyi? Bwanji mungokhala?"

Modesta anaseka. "Pa mimba ya Thoko ndinkapalira mpaka mwezi womaliza, munali kuti? Komanso ine ndi amene ndapempha udzuwo kukomiti. Ndikhale pakhomo anzanga akugwira ntchito?"

Vinsenti anaganiza za waya wachikhumi uja. Waya wa mabuleki saduka. Akakola mwendo, munthu akamakoka ndi pamene amalowa m'mnofu. Ankaona m'maganizo mkazi wake akugwa chafufumimba, chikwakwa chili m'manja. Koma ankaonanso nkhope ya Modesta atamva kuti mwamuna wake yemwe ndiye akutchera m'thengo limene iye amalilondera. Chakudya cha usiku umenewo anangochidya modzikakamiza.

M'mawa wa Lachisanu analawirira kwa Bryson, n'kumufotokozera.

"Nkhani yaing'ono imeneyo," anatero Bryson akutsuka m'kamwa. "Yatsani moto. Udzu ukapsa waya aonekera yekha, ndipo amayiwo sakhalanso ndi choti akamwete. Anthu aziti ndi osaka mbewa."

"Nanga kasupe? Nanga ndi mphepo ya mwerayi, moto sungalowe m'madimba?"

"Alamu, mumaganiza kwambiri ngati mphunzitsi. Mverani kuno. Mukapanda kumupeza lero, mawa m'mamawa ndikayatsa ndekha. Ndipo dzina langa likangotuluka pakamwa panu, mumange katundu."

Vinsenti anapita kuntchito mutu uli woima. Anamata chubu chimodzi kawiri pamalo olakwika, mwini njinga mpaka anamufunsa ngati walawa kachasu m'mawa. Cha m'ma 11 koloko kunabwera Mayi Roza, mlangizi wa zankhalango wa dera limenelo, akukankha njinga yawo. Anali mayi wamfupi, wolankhula mosapsatira, yemwe anathandiza mudziwo kukhazikitsa komiti ija.

"A Vinsenti, buleki yakumbuyo yaduka. Ndiikireni waya wakale mwa aja mumasunga, watsopano ndidzagula mwezi ukatha."

Vinsenti anayang'ana pa msomali wa pamtengo pamene ankakoleka mawayawo. Panali mbee.

"Atha, alangizi."

"Atha? Sabata yatha panali mulu pamenepa." Mayi Roza anamuyang'anitsitsa. "Ine ntchito imeneyi ndayamba kale, bambo. Mawaya a mabuleki akasowa pamsika, ndimakawapeza m'khosi mwa nyama."

Vinsenti anayesa kuzungulira. Anati pali mnzake wina, wa kutsidya, amene anatchera misampha khumi n'kupeza isanu ndi inayi. Mayi Roza anamusiya amalize, kenaka anakhala pa benchi.

"Mnzanuyo dimba lake lili kumunsi kwa kasupe, eti? Ndipo mkazi wake ndi Modesta?"

Vinsenti anagwetsa nkhope. Anaulula zonse, za mfundo, za amayi a mpingo, ndi za moto umene mlamu wake ankafuna kuyatsa.

"Moto ayi," anatero Mayi Roza. "Mitengo ija ndi imene imasunga kasupe. Mukaitentha, mvula yoyamba idzakokolola dothi lonse kulowa m'khwawa, ndipo chaka chamawa Okutobala amayi azidzatunga madzi kutsidya la msewu. Dimba lanulo limamwa madzi omwewo. Mwatentha thengo, mwatentha nyemba zanu."

"Nanga agwapewo titani nawo? Atimaliza."

"Kodi chaka chatha anakuvutani chonchi?"

"Ayi. Ankangodutsa apo ndi apo."

"Chifukwa phiri linali ndi chakudya. Gwape amadya masamba a zitsamba, masuku akagwa, nkhuyu, timphukira. Chaka chino mwamutenthera zonse, ndiye mukudabwa kuti wabwera kudzadya kwanu? Nyama ukaisiyira pake, pako imabwera mwa apo ndi apo. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira kathengoko, muphatikize ndi chigawo cha phiri choti chisamapse. Pakati pa thengo ndi dimba musiye kamzere ka zitsamba, osalima mpaka m'mphepete mwa madzi. Dimbalo mulimangire mpanda wa nsungwi wothithikana, pansi muike minga, chifukwa gwape amakonda kulowa chokwawa. Ndi ntchito ya masiku anayi mukathandizana. Waya sasankha, a Vinsenti. Amagwira gwape, mbuzi, galu, mwana wa munthu. N'chifukwa chake lamulo limaletsa."

"Zonsezo ndamva. Koma mawa?"

"Munthu mmodzi sangapeze waya m'udzu wofika m'khosi. Pafunika anthu ambiri, ayende mondondozana phewa ndi phewa, aliyense ndi nsungwi yaitali, akugwaza pansi asanaponde. Ndipo ayenera kudziwa chimene akufunafuna."

"Simungawauze inuyo, ngati kuti mwangobwera kudzayendera?"

"Ndiwanamize? Akandifunsa kuti misampha ilipo ingati, ndiyankhe kuti ndalota? Amene akudziwa mbali imene anatchera ndinu. Mawa ndibwera, ndiima pambali panu. Koma pakamwa pakhale panu."

Masana amenewo Vinsenti anatseka msanga n'kubwereranso kukhwawa, akuyembekeza kuti mwina mwayi umugwera, nkhani ithere m'thengo momwemo. Anakwawa mpaka mawondo ananyuka. Waya sanamupeze. Chimene anapeza chinali kamwana ka gwape, katadzipinda pansi pa chitsamba pamene make anakabisa. Kanali katafa, nyerere zitayamba kale kulowa m'maso. Anakakwirira ndi manja, misozi ikutsika, ndipo sanachite nayo manyazi chifukwa panalibe womuona.

Madzulo ananola chikwakwa cha mkazi wake monga anapemphedwa. Modesta anachiyesa ndi chala, n'kumuyamikira. Vinsenti anangoti, "Zikomo."

Loweruka kunacha ndi mphepo yozizira. Vinsenti anatuluka dzuwa lisanatuluke bwino, ndipo atafika pamphepete pa kathengo anapeza Bryson atanyamula kamtolo ka udzu wouma, machesi ali m'manja.

"Mwamupeza?" anafunsa Bryson.

"Ayi."

"Ndiye patukani."

Nthawi yomweyo kumtunda kunamveka nyimbo. Amayi a Chigwirizano anali atalawirira kuposa mmene onse awiri ankaganizira. Ankatsika m'njira, oposa makumi awiri, zikwakwa m'manja, ena ana kumbuyo. Patsogolo penipeni panali Modesta. Kumbuyo kwawo Mayi Roza ankabwera akukankha njinga yopanda buleki ija.

Vinsenti anayang'ana machesi, anayang'ana mkazi wake. Kumbuyo kwake kunali udzu wobisa waya, kutsogolo mlamu wake, ndipo kothawira kunalibe. Anagwira dzanja la Bryson mwamphamvu, koyamba chikwatirire pamudzipo.

"Alamu, simuyatsa."

Kenaka anathamangira panjira n'kutambasula manja.

"Amayi, taimani! Musalowe!"

Nyimbo inaduka. Modesta anamuyang'ana modabwa. "Kwagwanji, bambo a Thoko?"

"Muli waya m'udzumu. Msampha," anatero Vinsenti. "Ndinatchera ndine, Lolemba. Ndinatchera khumi, ndachotsa asanu ndi anayi. Mmodzi wandisowa. Ndinapha gwape woyamwitsa, ndipo mwana wake wafanso. Ndalakwa, amayi. Chitani nane chimene mungachite, koma musaponde m'menemu."

Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa. Wina anati, "Ife Lachinayi tinkayenda momwemu!" Pamenepo phokoso linabuka, aliyense akulankhula zake. Modesta anangoika dzanja pamimba, maso ali pa mwamuna wake.

Mayi Roza anaimika njinga n'kuwomba m'manja. "Zokalipa tikalipa bwino, nthawi ilipo. Panopa tiyeni tichotse chinthucho. A Vinsenti, mbali iti?"

Anadula nsungwi m'mphepete mwa dimba, aliyense yake. Amene anali ndi ana kumbuyo anatsala panjira. Ena onse anandandalika mzere umodzi, Vinsenti ali pakati, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, akugwaza ndi kupatula udzu. Modesta anauzidwa kuti akhale, koma anakana, natenga malo a kumapeto, kufupi ndi njira ya kukasupe. Bryson anaima patali, machesi atabwerera m'thumba.

Anayenda ulendo woyamba osapeza kanthu, kupatula nkhwali ziwiri zimene zinauluka n'kudzidzimutsa anthu. Anatembenuka, n'kusendera chakumunsi. Dzuwa linali litakwera pamene Modesta anaima.

"Yagwidwa," anatero motsitsa.

Anakoka nsungwi yake. Siinabwere. Anakokanso mwamphamvu, ndipo onse anamva kulira kwa waya akumangika. Vinsenti atapatula udzu, anaona msampha utaluma nsungwiyo mpaka kuiphwanya. Unali mapazi atatu okha kuchoka panjira imene amayi amadutsa ndi ndowa tsiku lililonse, pa msinkhu wa katumba wa mwendo. Modesta anayang'ana nsungwi yophwanyikayo nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pomwepo.

Apa ndi pamene Bryson anaona kuti mpata wapezeka. Anayandikira akupukusa mutu.

"Mwaona, achemwali? Munthu wobwera ameneyu atiphera anthu. Ine ndati amange katundu lero lomwe."

"Achimwene," anatero Modesta osakweza mawu, "Lachinayi kunyumba kwanu kunkanunkhira nyama. Akazi anu anandiuza kuti mwagula ya mbuzi. Mbuzi yake inali ya kuno kukhwawa?"

Amayi ena anaseka chobisa. Bryson anayamba kuyankha, koma mlongo wakeyo sanamupatse mpata.

"Ndipo machesi mwabwera nawo kudzatani m'mawa uno? Dimba lija amayi anasiyira ine. Inu ntchito yanu ndi kutiyang'anira, osati kuthamangitsa amuna athu. Bambo a Thoko sapita kulikonse. Ali ndi mpanda woti amange, ndipo inu muwathandiza kudula nsungwi."

Komiti inakhala pansi masana omwewo, Mayi Roza ali pomwepo. A komitiwo anatenga mawaya onse khumi, nachenjeza kuti zikadzachitikanso nkhani idzapita kwa a zanyama zakutchire. Anagamula kuti Vinsenti ndi Bryson alambule njira yotchinga moto kuzungulira kathengo konse, ndi kuti azichita zimenezi chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma. Anagwirizananso kuti chigawo cha phiri cha kumtunda kwa kasupe chisamatenthedwe, ndipo amayi akamamweta azisiya udzu wa m'kati kuti nyama zizibisalamo. Vinsenti anavomera zonse mtima uli pansi. Ankaona ngati wamasulidwa chingwe pakhosi.

Pobwerera kunyumba, Modesta ankayenda patsogolo, mtolo waung'ono wa udzu uli pamutu. Vinsenti anamutsatira mpaka anthu onse atapatukira kwawo.

"Mayi a Thoko, zikomo pondiimira paja. Ndikhululukireni."

Modesta anaima, koma sanatembenuke.

"Za waya ndakhululuka. Ndikudziwa mmene achimwene amakupanikizirani, ndipo ndinkaona, ndinangokhala chete nanenso. Koma inu munadziwa Lachinayi. Munadya nane, munagona pambali panga kawiri konse, mukudziwa chimene chili m'udzu muja ndi chimene ndanyamula ine. Munkaopa achimwene, munkaopa komiti, munkaopa Bowe. Ine ndi mwana uyu munatiika kumapeto."

"Ndinkaopa kukutayani."

"Mukanatitayadi," anatero Modesta. "Za masiku awiri amenewo mundipatse nthawi."

Anapitiriza kuyenda. Vinsenti anatsalira pang'ono, kenaka anamutsatira.

Phunziro: Nyama zakutchire zimalowa m'minda mwathu kwambiri tikaziwonongera pokhala ndi podya. Tisiye mitengo ndi zitsamba m'mbali mwa akasupe ndi mitsinje, tilambule njira zotchinga moto, ndipo mbewu zathu tiziteteze ndi mpanda, osati ndi waya. Ndipo ngati talakwitsa chinthu chimene chingapweteke ena, tinene tsiku lomwelo, chifukwa amene amayenda pangozi tikakhala chete ndi anthu athu omwe.